Momwe Mungayezere Madzi Amene Khofi Wothirira Amamwa Potsatira Mphamvu ya Dzuwa

Mlimi wa khofi amene ali ndi pampu ndi mapaipi amavutika ndi funso limodzi m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, pamene damu likuphwa koma mvula yoyamba sinagwe: kodi mitengoyi ikufuna madzi ochuluka bwanji lero? Ambiri amayankha poyang'ana masamba, komatu khofi akafika pofota masana ndiye kuti ludzu linamuyamba kale, ndipo ena, poopa zimenezi, amathirira mopyola muyeso mpaka feteleza amatsikira pansi pomwe mizu siifika. Funsoli lili ndi yankho lowerengeka, ndipo yankholo limachokera ku dzuwa. Malangizo awa ndi othandiza alangizi, oyang'anira minda, ophunzira za mthirira ndi magulu a alimi kulikonse kumene khofi amathiriridwa m'chilimwe, kaya ndi m'maesiteti a kumwera kwa Malawi kapena ku Kasama ndi ku Mazabuka m'dziko la Zambia.

Kumene mphamvu ya dzuwa imapita

Madzi sasanduka nthunzi popanda mphamvu. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi iuluke pamafunika mphamvu yokwana 2.45 MJ, ndipo MJ ndi muyeso wa mphamvu wotchedwa megajoule. Kilogalamu imodzi ya madzi ndi lita imodzi, ndipo lita imodzi ikamwazidwa pa sikweya mita imodzi imazama milimita imodzi. Izi zikutanthauza kuti tikadziwa mphamvu imene munda wathera pa kuulutsa madzi, tadziwa mamilimita amene atuluka m'mundamo, kudzera m'masamba komanso pamwamba pa nthaka.

Mphamvu imene imatsala m'munda, titachotsa kuwala kumene masamba abweza ndi kutentha kumene munda watumiza kumwamba, akatswiri amailemba Rn. Mphamvuyi imagawika patatu: ina imaulutsa madzi ndipo imalembedwa LE, ina imatenthetsa mpweya ndipo imalembedwa H, ndipo yotsala imalowa m'nthaka ndipo imalembedwa G. Choncho Rn = LE + H + G. Taganizirani mphika uli pamoto: malinga ngati muli madzi, moto umathera pa kutulutsa nthunzi, koma madzi akangophwa moto womwewo umayamba kupsereza mphika. Munda wa chinyezi chokwanira umathera mphamvu yambiri pa LE, pamene munda wouma umaithera pa H, ndipo n'chifukwa chake mpweya wa pamwamba pake umawotcha. Ntchito yonse imene ikufotokozedwa pano ndi yopeza LE.

Choyamba, sankhani malo oyenera

Njira imene tikutsata imatchedwa Bowen ratio, kuchokera pa dzina la Ira Bowen amene anaifotokoza m'chaka cha 1926. Njirayi imayeza mpweya umene wadutsa pamwamba pa khofi, choncho mpweyawo uyenera kukhala utayenda mtunda wokwanira pamwamba pa khofi yekhayekha usanafike pa zipangizo. Lamulo limene ambiri amatsata ndi lakuti pa mita iliyonse ya kutalika kwa chipangizo pakhale mamita pafupifupi 100 a khofi wofanana msinkhu, kumbali imene mphepo imachokera kawirikawiri. Fufuzani kaye mbaliyo. M'madera ambiri a Malawi mphepo ya mwera imawomba kuchokera kumwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, koma zigwa ndi mapiri zimaikhotetsa, ndiye musangodalira zomva. Pewani malo oyandikana ndi damu, msewu, mzere wa bulugamu kapena munda wosiyana mbewu.

Apa ndinene mosabisa kuti minda yambiri ya khofi siyenera njira imeneyi. Munda waung'ono wa pamalo otsetsereka, wokhala ndi nthochi ndi mitengo ya mthunzi pakati, monga ambiri a ku Misuku, ungakupatseni manambala osokoneza. Mlimi wa munda wotere asataye ndalama pa zipangizozi, koma atsate gawo la beseni ndi la nthaka limene lili m'munsimu, ndipo akhoza kubwereka nambala imene yapezeka pa munda waukulu wa m'dera lake.

Chachiwiri, imikani zipangizo

Zikani mlongoti wachitsulo mu mzere wa khofi ndipo muumange ndi mawaya kuti usagwedezeke. Pa mlongotiwo pakhale mkono wotuluka wonyamula chipangizo chotchedwa net radiometer, chimene chimayeza Rn. Chikhale mita imodzi kapena iwiri pamwamba pa nsonga za mitengo kuti chiziona mizere ya khofi pamodzi ndi mipata yake, chikhale chowongoka bwinobwino malinga ndi levulo, ndipo mkono wake uloze kumpoto, poti kuno kumwera kwa dziko lapansi dzuwa limakhala chakumpoto miyezi yambiri ndipo mthunzi wa mlongoti sufunika kugwera pa chipangizo.

Kenako kwirirani timbale toyezera G, kutentha kolowa m'nthaka, pa kuya kwa masentimita 5 mpaka 8. Kambale kamodzi sikokwanira, chifukwa nthaka ya pansi pa mtengo, yonyowa ndi yamthunzi, imasiyana kwambiri ndi ya pakati pa mizere imene imaphikidwa ndi dzuwa. Ikani kena pansi pa mtengo pamene madzi amadontha, kena m'mphepete mwa mthunzi, kena pakati pa mpata, ndipo muzitenga nambala ya pakatikati. Pokwirira, dulani nthaka ndi mpeni mwa mbali, lowetsani kambale, ndipo mubwezere dothi ndi zophimbira monga munazipezera.

Gawo lofunika kusamala koposa ndi la mikono iwiri yoyezera kutentha ndi chinyezi cha mpweya. Mkono wa m'munsi ukhale pafupifupi theka la mita pamwamba pa nsonga za khofi, wa m'mwamba ukhale mita imodzi kapena kupitirirapo pang'ono pamwamba pa unzakewo, ndipo zoyezera zonse zikhale m'zotchinga zoyera zolowa mpweya kuti dzuwa lisaziwombe. Khofi ndi mtengo wa nthambi zambiri umene umavundula mpweya, choncho kusiyana kwa kutentha pakati pa mikono iwiriyi kumakhala kochepa zedi, nthawi zambiri kosafika digiri imodzi. Ngati choyezera chimodzi chili ndi chizolowezi chowerenga mopitirira pang'ono, zotsatira zanu zonse zalakwika. Pofuna kupewa zimenezi, musanaziike m'munda ziikeni kaye pa msinkhu umodzi kwa masiku angapo kuti muone ngati zikugwirizana, lembani kusiyana kwake, ndipo mukaziika muzizisinthanitsa malo nthawi ndi nthawi. Zonsezi zilumikizidwe ku makina osunga manambala otchedwa data logger, a batire ndi sola, amene azisunga nambala ya pakatikati pa mphindi 30 zilizonse.

Zipangizozi sizidzisamala zokha. M'chilimwe fumbi ndi phulusa la moto wa m'tchire zimakuta galasi la net radiometer, mbalame zimateranso pa mkono n'kusiya zitosi, ndipo chiswe ndi mbewa zimaononga mawaya a pansi. Tumani munthu mmodzi wodalirika kuti m'mawa uliwonse azipukuta galasi ndi kansalu kofewa, aziona levulo, ndipo azilemba m'kope chilichonse chachilendo, ngakhale kupalira kapena kupopera mankhwala kumene kwachitika pafupi.

Chachitatu, werengerani

Nambala ya Bowen, imene imalembedwa β, imatiuza kukula kwa H poyerekeza ndi LE. Imapezeka potenga kusiyana kwa kutentha pakati pa mikono iwiri, kugawa ndi kusiyana kwa mphamvu ya nthunzi mu mpweya (kukankha kwa nthunzi, kumene kumayezedwa ndi muyeso wotchedwa kilopascal kapena kPa), kenako kuchulukitsa ndi nambala yokhazikika yolembedwa γ. Nambala yokhazikikayi imadalira kukwera kwa malo: pafupi ndi nyanja yamchere ndi 0.067, koma pa mamita 1,000 ndi pafupifupi 0.060 kPa pa digiri iliyonse. Mphamvu ya nthunzi imapezeka pochulukitsa peresenti ya chinyezi ndi nthunzi yonse imene mpweya ungasunge pa kutenthako. Pa madigiri 25 mpweya ungasunge 3.17 kPa, ndipo pa madigiri 30 ungasunge 4.24 kPa. Mukapeza β, ndiye LE = (Rn − G) ÷ (1 + β).

Tiyeni tione chitsanzo chongoyerekeza. Masana ena Rn ndi mawati 550 pa sikweya mita ndipo G ndi 50, choncho mphamvu yogawana ndi 500. Mkono wa m'munsi ukutentha kuposa wa m'mwamba ndi theka la digiri, ndipo nthunzi yake ikuposa ndi 0.12 kPa. Tikachulukitsa 0.060 ndi 0.5, n'kugawa ndi 0.12, tipeza β ya 0.25. Tikagawa 500 ndi 1.25 tipeza LE ya mawati 400, ndipo H ndi 100 yotsalayo. Mphindi 30 ndi masekondi 1,800, choncho tikachulukitsa mawati 400 ndi 1,800 mphamvu yonse ndi majoule 720,000, kapena 0.72 MJ, imene tikaigawa ndi 2.45 ikutipatsa mamilimita 0.29 a madzi. Chitani chimodzimodzi pa theka la ola lililonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kuphatikiza zonse. Ngati tsiku lonse mphamvu yogawana yakwana 14 MJ ndipo β yakhala pa 0.25, LE ndi 11.2 MJ, kutanthauza mamilimita pafupifupi 4.6 a madzi amene munda wataya tsikulo.

Chachinayi, sankhani manambala ngati mmene musankhira khofi wa pa thandala

Si nambala iliyonse yochokera mu data logger imene iyenera kukhulupiriridwa. Dzuwa likamatuluka ndi likamalowa, β imayandikira pa −1, ndipo pamenepo 1 + β imatsala pang'ono kukhala ziro, choncho LE imatuluka yaikulu mopanda nzeru. Manambala oterewa achotseni ndipo mudzaze mpatawo ndi nambala ya pakati pa oyandikana nawo. Madzi otuluka m'maola amenewo ndi ochepa, ndiye simutaya zambiri. Chotsaninso a nthawi imene mphepo inachokera kumbali yopanda khofi wokwanira, a nthawi ya mvula kapena chiperoni, ndi a m'mawa pamene mame anali akadali pa galasi.

Koma musafulumire kutaya β iliyonse yokhala pansi pa ziro. Mu Okutobala, munda wothirira umakhala wobiriwira pakati pa minda youma ndi tchire lopsa, ndipo mpweya wotentha wochokera kumeneko ukafika pa khofi umawonjezera mphamvu yake pa ya dzuwa. Pamenepo mkono wa m'mwamba umatentha kuposa wa m'munsi, H imatsika pansi pa ziro, ndipo LE imatha kuposa Rn. Kumeneko sikulakwa kwa chipangizo ayi, n'zochitika zenizeni, ndipo ndi chifukwa chake mizere ya m'mphepete mwa munda imayamba kufota anzake a pakati akadali bwino.

Chachisanu, imikani beseni ndipo mupeze nambala ya munda wanu

M'kuona kwanga, phindu lalikulu la ntchito yonseyi lagona pano. Palibe mlimi amene angasunge mlongoti wa zipangizo m'munda mpaka kalekale, koma mukayeza bwino kwa chaka chathunthu mumapeza nambala imene ingakutumikireni zaka zambiri ndi zida zotsika mtengo.

Chida choyamba ndi beseni loyezera kuuluka kwa madzi, lotchedwa Class A pan. Ndi lozungulira, lotambalala masentimita 120.7, lozama masentimita 25, ndipo limakhala pa thandala lamatabwa lokwera masentimita 15 kuchokera pansi, pamalo oyera opanda mthunzi. Madzi adzazidwe mpaka masentimita 5 kuchokera kukamwa ndipo asaloledwe kutsika kupitirira masentimita 7.5. Litchingeni ndi mpanda, chifukwa mbuzi, agalu ndi mbalame zikamwamo mudzaganiza kuti dzuwa ndi limene lamwa. Werengani nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse, ndipo pambali pake pakhale choyezera mvula kuti muziwonjezera mvula imene yagwa. Madzi a m'beseni amauluka msanga kuposa a pa udzu, choncho nambala yake imachulukitsidwa ndi nambala yochepetsera, imene imakhala pakati pa 0.35 ndi 0.85 malinga ndi mphepo, chinyezi ndi zimene zazungulira beseni. Pamalo a mphepo yochepa imakhala cha m'ma 0.7 mpaka 0.8. Zotsatira zake zimatchedwa ETo, ndiwo madzi amene udzu waufupi wothiriridwa bwino ungataye tsikulo. Ngati pafupi nanu pali malo a nthambi yoona za nyengo amene amayeza dzuwa, mphepo, kutentha ndi chinyezi, ETo ikhoza kuwerengedwanso ndi njira ya Penman-Monteith, imene FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, linakhazikitsa m'buku lake la mthirira nambala 56 la m'chaka cha 1998.

Tsopano gawani madzi amene mwapeza ndi njira ya Bowen ndi ETo ya tsiku lomwelo. Nambala yotulukayo imatchedwa Kc, ndipo mukadzachotsa mlongoti muzidzachulukitsa ETo ndi Kc kuti mupeze madzi amene munda wataya tsikulo. M'chitsanzo chathu, ngati beseni latsika mamilimita 7 ndipo tachulukitsa ndi 0.75, ETo ndi 5.25, ndipo 4.6 kugawa ndi 5.25 ndi Kc ya pafupifupi 0.88. Buku la FAO lija limapereka 0.90 mpaka 0.95 pa khofi wamkulu wopalira bwino, ndi 1.05 mpaka 1.10 pa khofi wokhala ndi udzu pakati pa mizere. Kusiyana kumeneku kukuonetsa poyera kuti udzu wa m'mipata umamwa nawo madzi amene mwalipira. Komabe manambala a m'bukuwa ndi poyambira chabe. Khofi wa chaka chimodzi kapena ziwiri, amene sanakute nthaka, amakhala ndi Kc yotsika kwambiri, ndipo munda wophimbira bwino umataya madzi ochepa pamwamba pa nthaka. Chinanso n'chakuti khofi amatseka tizibowo ta m'masamba ake mpweya ukauma ndi kutentha kwambiri, ndipo kuyeza kumene kunachitika ku Brazil kunaonetsa kuti Kc yake imatsika pa masiku amene ETo yakwera. Mlimi wochulukitsa ETo ya mu Okutobala ndi nambala ya m'buku akhoza kuthira madzi oposa amene mitengo ingamwe. Choncho musapeze Kc imodzi ya chaka chonse. Pezani ya mwezi uliwonse, pogwiritsa ntchito masiku okhawo amene nthaka inali ndi chinyezi chokwanira.

Chachisanu ndi chimodzi, funsani nthaka ngati ikuvomereza

Masamu a mu mpweya ayenera kugwirizana ndi zimene zikuchitika pa mizu. Tengani dothi pa kuya kwa masentimita 20, 40 ndi 60, liyezeni pa sikelo likadali lonyowa, liumikeni mu uvuni pa madigiri 105 kwa maola 24, n'kuliyezanso. Kulemera kumene kwachoka ndiwo madzi. Amene ali ndi tensiometer, chida choyezera kuuma kwa nthaka, aike imodzi pa masentimita 30 ndi ina pa masentimita 60 kapena 90, pafupi ndi podonthera madzi, pokumbukira kuti chidachi chimasiya kugwira bwino ntchito nthaka ikauma kufika cha m'ma 80 kPa. Ya pamwamba imakuuzani nthawi yoyamba kuthirira. Ya pansi ikamangosonyeza kunyowa kwambiri sabata ndi sabata, dziwani kuti madzi akudutsa mizu, ndipo Kc yanu kapena maola anu ndi ochuluka.

Mizu ya khofi wamkulu imatha kufika mita 0.9 mpaka 1.5, ngakhale timizu tambiri toyamwa madzi timakhala pamwamba. FAO imalangiza kuti khofi asathe kupitirira magawo 40 pa 100 a madzi amene nthaka yamusungira. Ngati nthaka yanu imasunga mamilimita 120 pa mita imodzi ya mizu, ndiye kuti mamilimita 48 okha ndi amene angamwedwe mtengo usanayambe kuvutika, ndipo pa mamilimita 4.6 tsiku lililonse amenewa amatha m'masiku 10. Izi ndi za mthirira wowaza umene umanyowetsa munda wonse. Mthirira wodontheza umanyowetsa kagawo kochepa ka nthaka, choncho nkhokwe yake ndi yaing'ono ndipo umafuna kuthirira pafupipafupi, tsiku lililonse kapena kudumpha tsiku limodzi.

Chachisanu ndi chiwiri, sandutsani mamilimita kukhala maola a pampu

Milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Choncho mamilimita 4.6 ndi malita 46,000 pa hekitala tsiku lililonse. Si madzi onse otuluka mu pampu amene amafika pa mizu: mthirira wodontheza wosamalidwa bwino umafikitsa pafupifupi magawo 90 pa 100, pamene wowaza umafikitsa pafupifupi 75. Pa wodontheza gawani 46,000 ndi 0.9, ndipo mupeza malita pafupifupi 51,000. Ngati mitengo inabzalidwa mamita 3 pakati pa mizere ndi mita imodzi mu mzere, mtengo uliwonse uli ndi masikweya mita 3, ndiye ukufuna malita pafupifupi 14, kapena 15 titawonjezera otayika. Mtengo wokhala ndi tibowo tiwiri todontha malita 2 pa ola kalikonse umalandira malita 4 pa ola, choncho pampu iyende maola osafika pang'ono pa 4. Mvula ikagwa, ichotseni pa zofunika za tsikulo, koma kamvula kongonyowetsa masamba ndi zophimbira musakawerengere.

Musakhulupirire zolembedwa pa paipi. Tengani makapu 20, muike pansi pa tibowo ta kumayambiriro, pakati ndi kumapeto kwa mizere, mutsegule madzi kwa mphindi 15, kenako muyeze madzi a m'kapu iliyonse n'kuchulukitsa ndi 4. Kawirikawiri mudzapeza kuti makapu a kumapeto ndi a kumtunda ali ndi madzi ochepa, chifukwa cha matope, ndere kapena kuchepa kwa mphamvu ya pampu. Tsukani sefa, tsegulani mapeto a mapaipi kuti matope atuluke, n'kuyezanso. Manambala omwewa, mukawachulukitsa ndi mahekitala ndi masiku a chilimwe, amakuuzani ngati damu lanu lingafike pa mvula yoyamba, ndipo ndi amene mufunika kukhala nawo popempha chilolezo chotunga madzi ku National Water Resources Authority ya ku Malawi malinga ndi lamulo la za madzi la 2013.

Nthawi imene muyenera kumana khofi madzi mwadala

Pali nyengo imodzi imene simuyenera kubwezera madzi onse amene mwawerenga. Tinthu ta maluwa a khofi tikakhwima timagona, ndipo timafuna nyengo youma kuti tikonzeke. Mvula kapena mthirira wamphamvu ukabwera pambuyo pake, maluwa amatuluka pamodzi patatha masiku 8 mpaka 12. Munda wothiriridwa chaka chonse osapumira umachita maluwa apa ndi apo, zipatso zimapsa mosiyana, ndipo othyola amabwerera pa mtengo umodzi kambirimbiri. Ku Cerrado m'dziko la Brazil, bungwe la kafukufuku la Embrapa linalimbikitsa kusiya kuthirira kwa masiku pafupifupi 70, kuyambira chakumapeto kwa Juni mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala. Masiku amenewo ndi a nthaka ndi nyengo ya kumeneko, ndipo si oti mungowakopera, makamaka kuno kumene nthawi zina khofi amakhala akuthyoledwabe m'miyezi yomweyo. Yambani kuwerenga masiku osathirira mukamaliza kukolola, yesani pa gawo limodzi la munda, ndipo khofi wamng'ono kapena wa pa nthaka ya mchenga musamuyese motere.

Pa nthawiyi zipangizo zija zimathandiza kwambiri, chifukwa nthaka ikamauma mudzaona β ikukwera tsiku ndi tsiku, kusonyeza kuti mphamvu ya dzuwa yayamba kuthera pa kutenthetsa mpweya m'malo moulutsa madzi. Lembani β ndi chinyezi cha m'nthaka pa tsiku limene mwatsegulanso madzi, komanso mmene maluwa atulukira, kuti chaka chamawa mudzadziwe pofikira. Mukatsegula, thirirani mokwanira kuti madzi afike pa mizu yonse, ndipo musayambe ngati damu lilibe madzi okufikitsani ku dzinja, chifukwa maluwa amene mwawadzutsa akasowa chinyezi amayoyoka. Kuyambira pafupifupi sabata ya 6 mpaka ya 16 maluwa atatuluka, chipatso chimakula msanga ndipo kukula kwa njere kumakhazikika pamenepo, choncho ng'amba ya pakati pa dzinja ikagwa m'masabata amenewa bwezerani milimita iliyonse imene beseni ndi Kc zikusonyeza. Mukadzadulira mitengo kwambiri kapena kuidula tsinde kuti iphukirenso, masamba amachepa ndipo Kc yakale siigwiranso ntchito, ndiye muyenera kuitsitsa n'kumaikweza pang'onopang'ono motsogozedwa ndi tensiometer mpaka mitengo itakutanso mizere.